Tifunseni: Chiboliboli cha pamjigo chagawa mudzi

Makalata atatu amene tasankha mwezi uno onse akukamba za ziboliboli zoimikidwa poyera kumudzi. Mwa chizolowezi chathu, maina a olemba ndi a midzi yawo tawabisa.

FUNSO: Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko m'mudzi wina m'boma la Dedza. Mwana wa m'mudzi mwathu, amene wakhala ku Joni zaka zambiri, adabwera chaka chatha natikonzera mjigo umene udali utafa. Atatero adalemba ntchito mmisiri woti aumbe ndi simenti chiboliboli cha mayi wosenza mtsuko, mwana ali kumsana, ndipo chidaimikidwa pafupi ndi mjigowo, pamphambano ya njira yopita kusukulu ndi yopita kumanda. Mwiniwakeyo akuti cholinga chake n'kulemekeza amayi onse amene akhala akutunga madzi kudambo kuyambira kale. Komatu mudzi wagawikana. Akuluakulu ena a mpingo akuti limeneli ndi fano, ena akunong'onezana kuti ndi chizimba cha chuma chake, ndipo amayi ena akuti nkhopeyo ndi ya malemu amake, choncho iwo sangamaweramire chiliza cha eni m'mawa uliwonse. Achinyamata okha ndiwo akukondwa, akungodzijambula nacho. Sabata yapitayi wina adachigumula mphuno usiku, ndipo amfumu aitanitsa bwalo. Kodi tichigwetse? Wodandaula, Dedza.

YANKHO: Musafulumire kuchigwetsa, achimwene, koma musaganizenso kuti onse amene akudandaula ndi anthu osazindikira. Kalata yanu tikaiwerenga mofatsa, tikuona kuti anthu akulimbana pa dzina loti achipatse chinthucho. Wina akuti fano, wina akuti chizimba, wina akuti chiliza, ndipo dzina lililonse mwa amenewa lili ndi malo ake ndi mwambo wake m'mudzi. Chiliza chimakhala kumanda, chimamangidwa ndi abale atagwirizana, ndipo chimakhala ndi tsiku lake lochivundukula. Chiboliboli, monga ambiri tidachidziwira, ndi chosema chogulitsa kwa alendo m'mbali mwa msewu. Koma munthu wasimenti woima pamphambano usana ndi usiku, wosavina, wosagulitsidwa ndiponso wopanda mtembo pansi pake, mudzi ulibe pomuika, ndiye aliyense akumukokera ku chimene akuchidziwa.

Pali anthu amene amanena kuti makolo athu sadali kudziwa zosema ndi zojambula. Kumeneko n'kulakwa, ndipo inu a ku Dedza mboni muli nayo pakhomo. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula za pamiyala, zina za Akafula, zina za Achewa zokhudza chinamwali ndi nyau, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006. Gule wamkulu, amene bungwe lomwelo lidamulemekeza mu 2005, ali ndi nkhope zosawerengeka, monga Chadzunda, Maliya ndi Simoni, komanso zilombo zazikulu ngati Kasiyamaliro ndi Njovu. Za kudambwe sitiulula m'magazini, koma chimene mwana aliyense amaona pabwalo n'chakuti zilombo zimatuluka pa nthawi yake, pamaliro, pamsinkhu kapena polonga ufumu, zimavina, kenaka n'kubwerera kumene zidachokera. Palibe chilombo chimene chimagona pabwalo chaka chathunthu ana akuchiloza. Ngakhale pa chipembedzo cha makolo, nsembe ankathira patsinde pa mtengo kapena mu kachisi, ndipo kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje ndi nyumba ya mitengo ndi udzu, imene imamangidwanso ikatha. Tidazolowera nkhope yobwera n'kupita, yokhala ndi eni ake odziwika amene amayankhapo ikalakwa. Nkhope yokhalitsa pamalo a aliyense ndiyo yachilendo, ndipo n'chifukwa chake ngakhale agogo osapemphera angathe kuona chiboliboli chanucho n'kuchita nacho nthumanzi.

Za fano tinenepo mosamala, popeza mipingo siiona nkhaniyi mofanana. Amene akutsutsa akugwira mawu a pa Eksodo 20, oletsa kudzipangira fano losema ndi kulipembedza. Amene sakuona vuto amakumbutsa kuti pa Eksodo 25 Mose adalamulidwa kupanga akerubi awiri agolide pa likasa, ndipo pa Numeri 21 adapanga njoka yamkuwa naiika pamtengo. Nkhani ya njokayo ndiyo ingathandize bwalo lanu, chifukwa pa 2 Mafumu 18 timawerenga kuti mfumu Hezekiya idaiphwanya pamene anthu adayamba kuifukizira lubani. Njoka idali yomweyo, chimene chidasintha ndi zimene anthu ankachita pamaso pake. Funso loyenera kufunsa akuluakulu a mpingo n'lakuti kodi alipo amene wagwadira mayi wasimentiyo kapena kumuthirira nsembe. Ngati palibe, avomereze kuti chimene akuopa ndi zimene zingachitike mtsogolo, ndipo mantha otere angathe kukambidwa. Koma musawaseke. Mipingo ina, ndiponso abale athu Asilamu, amapewa zifaniziro za anthu mwa chikhulupiriro chozama, ndipo nawonso amatunga pamjigo womwewo.

Boma lanu lomwelo lili ndi chitsanzo cha mmene mkangano wotere umazizirira pakapita nthawi. Mishoni ya Mua idayambitsidwa ndi ansembe a chipani cha White Fathers mu 1902, ndipo m'zaka za m'ma 1920 padali udani waukulu pakati pa mishoni za Katolika ndi anthu a nyau, polimbirana ana ndi maliro. Pamalo pomwepo mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene adapatsidwa mfunda wa Chisale, adayambitsa likulu la luso ndi chikhalidwe la Kungoni, kumene amisiri a m'midzi yozungulira adaphunzira kusema Yesu, Maria ndi atumwi ali ndi nkhope zachikuda, mpaka zosema zawo zidakakongoletsa nyumba yopemphereramo ya bungwe la Missio ku Munich m'dziko la Germany. Lero mazana a nkhope za gule wamkulu akusungidwa m'nyumba ya Chamare pamishoni pomwepo. Sikuti onse adakondwa: alipo Akhristu amene adaona ngati wansembe walowetsa zachikunja m'tchalitchi, aliponso anthu a mwambo amene adaona ngati zobisika zaikidwa poyera. Chimene chidathandiza n'chakuti ntchitoyo idatenga zaka, mafumu ndi eni mwambo akufunsidwa.

Mphekesera ya chizimba yokha ndiyo tikukupemphani muizimitse msanga, chifukwa imapha. Tonse tidamvapo za nkhalamba zimene zaphedwa ndi nyumba zimene zatenthedwa chifukwa cha mawu oyamba ngati nthabwala pachitsime. Amfumu akumbutse anthu kuti lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mankhwala a mphekesera yotere ndi kuyera kwa zinthu: mmisiri amene adaumba aitanidwe pabwalo, afotokoze kuti m'katimo muli waya, zitsulo, njerwa ndi simenti, ndipo anyamata amene ankaponda matope ndi kutunga madzi a ntchitoyo achitire umboni.

Dandaulo la amayi ndilo tikuliona kuti n'lolemera koposa, ngakhale mwaliika kumapeto. Mjigo ndi malo a amayi, ndipo munthu akamapopa amaweramadi. Ngati nkhopeyo ndi ya malemu amake a mwana wanuyo, ndiye kuti banja limodzi laimika chikumbutso chake pamalo a mudzi wonse, ndipo kwa Achewa, kumene mbumba ndi mwinimbumba amayang'anitsitsa za yemwe ali ndi mawu pa dothi, chinthu chotere chimamveka ngati chizindikiro cha umwini. Kalata yanu sikunena kuti amayiwo adafunsidwa, ndipo tikuganiza kuti sadafunsidwe. Safunsa adadya phula. Vutoli silili kumudzi kokha. Mu 2018 ntchito yoimika chiboliboli cha Mahatma Gandhi pa Ginnery Corner mumzinda wa Blantyre idayambika, dziko la India litalonjeza kumanga nyumba yochitiramo misonkhano ya madola 10 miliyoni. Achinyamata adasonkhanitsa masiginecha zikwizikwi ponena kuti Gandhi adalankhulapo zonyoza anthu akuda ali ku South Africa ndipo alibe mbiri ndi Malawi, ndipo kumapeto kwa Okutobala chaka chomwecho khothi lalikulu lidapereka chiletso. Mphatso idalipo, chilolezo cha khonsolo chidalipo, koma eni msewu sadafunsidwe. Yerekezani ndi chipilala cha pamanda a Inkosi Gomani Chikuse ku Ntcheu, amene adaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896. Chimenecho adamanga ndi Angoni eni ake, ndipo mpaka lero amachilemekeza.

Pabwalo, tsono, yambani ndi kuthokoza mwana wanuyo chifukwa cha mjigo, kuti nkhani ya madzi isasakanizike ndi ya chiboliboli. Kenaka amayi alankhule poyamba, ndipo ngati n'kotheka ayambe akumana okha ndi anamkungwi, chifukwa ambiri sangamasuke pamaso pa wopereka mphatso ndi amalume ake. Mwiniwake afunsidwe poyera ngati nkhopeyo ndi ya amake. Akavomera, njira yaulemu ndi kusamutsira chiboliboli pakhomo pawo, kumene palibe angatsutse. Akakana, ndipo amayi akavomera kuti chikhale, ndiye mudzi uchilandire mwa mwambo: chipatsidwe dzina ndi amayi eni ake, palembedwe mawu osonyeza kuti n'cha amayi onse a m'mudzimo, ndipo chisunthidwe pang'ono kuti wopopa asamaweramire kumene chili. Wogumula mphuno uja adalakwa, popeza kuwononga katundu ndi mlandu, koma tikadakhala ife sitikadathamangira kupolisi bwalo lisadakhale.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa pulayimale m'boma la Chiradzulu. Ophunzira anga adaona pafoni chithunzi cha chiboliboli cha John Chilembwe chitaima ku London, ndipo adandifunsa chifukwa chake chili kwa Angerezi amene adamupha pamene kwawo ku Mbombwe kulibe chotere. Ndiwayankhe chiyani? Mphunzitsi, Chiradzulu.

YANKHO: Ana anu afunsa bwino, aphunzitsi. Chiboliboli chimenecho adapanga ndi Samson Kambalu, Mmalawi wobadwa mu 1975 amene amaphunzitsa za luso ku yunivesite ya Oxford. Chidavundukulidwa mu Sepitembala 2022 pa bwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London, pa nsanja yachinayi ya ziboliboli za pabwalopo, imene idamangidwa mu 1841 kuti padzaime chiboliboli cha mfumu William IV ili pa kavalo, koma ndalama zidatha ndipo idakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Masiku ano pansanjapo amaikapo ntchito za amisiri mosinthanasinthana, choncho cha Chilembwe chidakhalapo zaka ziwiri zokha n'kuchotsedwa mu 2024. Auzeni ana kuti sichidaikidwe kuti chikhale mpaka kalekale.

Kambalu adatengera chithunzi cha mu 1914 chimene Chilembwe adajambulitsa ndi mmishonale wachizungu John Chorley pakhomo pa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe. Pachithunzipo Chilembwe wavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu, ndipo pachiboliboli mmisiriyo adamukuza kwambiri kotero kuti Chorley akuoneka wamng'ono pambali pake. Uthengawo udali wolunjika kwa anthu a ku Britain, pabwalo lodzaza ndi akuluakulu a nkhondo a ufumu wawo. Dzina limene adachipatsa, Antelope, kutanthauza nyama ya mtundu wa gwape, lili ndi muzu wake kwathu kuno, popeza mwiniwake adalilumikiza ndi Kasiyamaliro wa gule wamkulu, chilombo chopangidwa mofanizira nyama yotere.

Za ku Mbombwe, akumbutseni ana kuti Chilembwe adayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) mu 1900 atabwerako ku sukulu ku Lynchburg m'dziko la America, kuti kuukira atsamunda kumene adatsogolera kudayamba pa 23 Januwale 1915, kuti adaphedwa pa 3 Febuluwale chakufupi ndi Mulanje, ndipo kuti atsamunda adaphulitsa tchalitchi chake namuika m'manda osalembedwa dzina. Adatero dala kuti pasakhale malo oti anthu azikasonkhanapo pomukumbukira. Mishoni idatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malikebu, ndipo lero pali chipilala cha chikumbutso ndi mapemphero a pa 15 Januwale chaka chilichonse, kuonjezera pa nkhope yake imene ili pa ndalama za K500 ndi K2,000. Choncho Mbombwe sidamuiwale. Ngati anthu a kumeneko angafune chiboliboli chofanana ndi cha ku London, oyamba kufunsidwa akhale mpingo wa PIM, mafumu a deralo ndi nthambi ya boma yoona za malo ndi zinthu zakale, popeza malo a mbiri amatetezedwa ndi lamulo ndipo munthu sangangomangapo. Pakali pano, tengani anawo mukawaonetse pamene padali tchalitchi choyamba. Kwa ambiri a iwo ndi ulendo wa njinga chabe.

FUNSO: Ndine mnyamata wa zaka 24 wa ku Mchinji, ndimasema mitengo ndiponso ndayamba kuumba ndi simenti. Sukulu ya kwathu yandipempha kuti ndipange chifaniziro cha mfumu imene idapereka malo a sukuluyo, koma ndikuopa kuti anthu adzaseka akaona kuti sichikufanana naye. Komanso, kodi luso limeneli lingadyetse munthu ali kumudzi? Mmisiri wamng'ono, Mchinji.

YANKHO: Mantha anu ali ndi maziko, mphwathu. Mu 2019, zithunzi za chiboliboli cha Bingu wa Mutharika choimikidwa ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe zitafalikira, anthu ambiri adadandaula kuti sichikufanana naye, chonsecho padalowa ndalama zambiri. Kumudzi nkhaniyi imakula koposa, chifukwa oweruza anu ndi ana, adzukulu ndi akazi amasiye a malemuyo, amene amadziwa mmene ankapendeketsera khosi ndi mmene ankagwirira ndodo. Musayambe ndi simenti. Umbani kaye mutu waung'ono ndi dothi la mtapo, mukauonetse kwa abale mwakachetechete, ndipo muwalole akudzudzuleni dothi likadali lofewa. Ngati chithunzi chimene chilipo ndi chimodzi chofufutika, uzani a komiti mosabisa kuti nkhope siituluka, ndipo muwapatse maganizo ena: mpando wa mfumu, ndodo ndi litchowa lake, kapena chipilala cholembedwa dzina ndi chaka. Anthu amakhululuka msanga chizindikiro kusiyana ndi nkhope yolakwika ya munthu amene adamukonda. Funsaninso mfumu imene ili pampando lero, chifukwa m'midzi imene muli mkangano wa ufumu, kuimika chifaniziro cha mfumu yakale kumamveka ngati kusankha mbali.

Pa zipangizo, mtengo usaime panja. Ngakhale mlombwa ndi mbawa zimang'aluka ndi dzuwa, ndipo chiswe chimayambira pansi pamene simukuona. Mitengo yachilengedwe monga phingo yachepa kwambiri, ndipo kuidula popanda chilolezo cha a zankhalango ndi mlandu. Simenti ndiye bwenzi la mmisiri wa kumudzi, malinga mukumbe maziko ofika pa dothi lolimba, mumange mafupa a zitsulo ndi waya, ndipo zitsulozo zikutidwe mokwanira, chifukwa madzi akazipeza zimachita dzimbiri, zimatupa n'kuswa chiboliboli kuchokera m'kati. Mchenga ukhale wosefa wopanda dothi. Mukamaliza, phimbani ntchitoyo ndi masaka onyowa ndi kumathirira kwa sabata yathunthu kapena kupitirira, popeza ambiri amathamangira kupaka penti n'kudabwa ming'alu mvula yoyamba ikagwa. Ziwalo zotuluka kunja, monga zala, mphuno ndi ndodo, zikhale zokhuthala ndi zomamatira ku thupi, chifukwa pasukulu ana adzakwerapo ndithu, muwaletse musawaletse.

Zoti luso lingadyetse munthu kumudzi, chitsanzo chodziwika ndi Tengenenge, mudzi wa osema miyala pafupi ndi Guruve ku Zimbabwe. Udayamba mu 1966 pa munda wa fodya wa Tom Blomefield, malonda a fodya atagwa chifukwa cha zilango zimene maiko adaika pa Rhodesia, ndipo ambiri mwa osema oyamba adali antchito a pamundapo ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Mmodzi wa iwo, Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, adatchuka kunja ndi ziboliboli za nkhope zomwetulira ndi za anthu oimba mluzu. Komabe dziwani kuti Tengenenge idakula chifukwa pamalopo padali mwala wabwino wosema ndiponso njira yofikira ogula akunja, ndipo alendo atachepa m'dzikomo m'zaka za m'ma 2000 osema ambiri adavutika. Kuno kwathu msika wokhazikika wa woumba ndi simenti ndi ziliza, zikwangwani za sukulu, mapanga a Maria a m'maparishi ndi zokongoletsa pamalo ogona alendo. Munda musausiye msanga. Ndipo ntchito ya pasukuluyo musaiyambe musadalemberane ndi a komiti za mtengo wake, za amene adzagule simenti ndi zitsulo, komanso za amene adzakonze chikadzagumuka, ndipo pepalalo asainirepo mphunzitsi wamkulu, wapampando wa komiti ndi amfumu.